Alonda a Mudzi pa Msewu wa ku Mchinji

Msewu wochokera mu mzinda wa Lilongwe kupita ku Mchinji umadutsa pa Njewa, pa Chitedze, pa Mpingu, pa Msundwe ndi pa Namitete usanakafike ku malire a Malawi ndi Zambia. Chisamukireni likulu la dziko kuchoka ku Zomba m'chaka cha 1975, moyo wa anthu a m'midzi ya m'mbali mwa msewuwu wakhala wa mbali ziwiri: munda uli kumudzi, koma msika uli m'tauni. M'bandakucha njinga zimalowera mu mzinda zitasenza makala, nkhuni, tomato ndi ndiwo zamasamba, ndipo madzulo zimabwerera ndi mchere, sopo ndi nkhani za m'tauni. N'chifukwa chake mu mzinda mukabuka chipolowe, utsi wake sulephera kufika kwa Njewa, kwa M'bwatalika, ngakhalenso ku Nsaru ndi kwa Kabudula. Mbiri ya zipolowe za m'zaka za 1992, 2011 ndi 2019 imadzutsa funso limene anthu a m'derali adakumana nalo maso ndi maso: kodi masitolo akathyoledwa, misewu ikatsekedwa, apolisi ndi anthu akasanduka mphaka ndi khoswe, amalonda mudzi ndani?

Makolo a Achewa sadali ndi apolisi, komabe mudzi wawo sudali wopanda mlonda. Chida chawo chachikulu chidali mfuu. Munthu akakuwa usiku kuti kwagwa mbala kapena kuti fisi walowa m'khola, mwamuna aliyense amatuluka ndi chibonga kapena nthungo, ndipo wotsalira m'nyumba anzake akuthamanga amasanduka choseketsa cha mudzi wonse. M'zaka za m'ma 1800, pamene nkhondo za Angoni ndi za ogula akapolo zidafika povuta, midzi yambiri idadzimangira malinga n'kumagona m'kati mwake. Wakuba akagwidwa amamutengera kubwalo, kumene mfumu ndi nduna zake amagamula kuti alipe nkhuku kapena mbuzi, ndipo wosenza manyaziwo adali malume ake, mwini mbumba. Mphamvu ya chilungamo chotere idagona pa kudziwana. Wakubayo adali mwana wa uje, ndipo woberedwayo amadziwa kuti mawa adzakumana naye pamaliro. Pamene boma la atsamunda lidakhazikitsa gulu la apolisi la Nyasaland m'chaka cha 1921, munthu wa kumudzi sadawaone apolisiwo ngati omuteteza. Amawadziwira pa nkhani ya msonkho, ndipo akaoneka poteropo amuna osakhoma amalowa m'thengo.

Mu ulamuliro wa chipani chimodzi wa Dr. Hastings Kamuzu Banda mudabwera alonda a mtundu wina. Anyamata a Youth League, ovala malaya ofiira amene anthu ankawatcha achiswe, amaima pakhomo la msika ndi pokwerera basi kufunsa khadi la chipani. Pamwamba pawo padali Apayoniya, amene lamulo lidawapatsa mphamvu zomanga munthu, ndipo ena mwa iwo adali ndi mfuti. Akuluakulu ambiri a ku Mpingu ndi ku Namitete amakumbukira nthawi imeneyo ngati nyengo imene mbuzi imagona panja osabedwa. M'mawu amenewa muli choona, koma si chonse. Bata lija lidakhazikika pa mantha, pakuti mnansi yemweyo amene amakulondera nkhokwe amathanso kukakunenera kwa wapampando wa chipani. A Mboni za Yehova, amene adaletsedwa m'chaka cha 1967 ndipo ankakana kugula makhadi, ndiwo adaona nkhope ina ya alonda amenewa. M'chaka cha 1972 nyumba zawo zidatenthedwa, katundu wawo adalandidwa, ndipo zikwizikwi za iwo zidathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Ofunkhawo adali anthu omwe aja amene amati ndi osunga bata.

Chipolowe chachikulu cha m'mizinda chidadza m'chaka cha 1992. Pa 8 Marichi m'matchalitchi a Katolika mudawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula kusowa kwa ufulu ndi chilungamo. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana adamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. M'masiku oyamba a mwezi wa Meyi anthu ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre adanyanyala ntchito pofuna malipiro abwino, ndipo kunyanyalako kudasanduka chipolowe chimene chidafalikira mpaka ku Lilongwe. Masitolo a PTC, amene anthu amawaona ngati chuma cha Kamuzu chifukwa adali a kampani ya Press, adathyoledwa ndi kufunkhidwa. Apolisi adayankha ndi mfuti, ndipo anthu pafupifupi 40 adafa. Pa 14 Juni 1993 anthu adasankha zipani zambiri pa riferendamu. M'mwezi wa Disembala chaka chomwecho, Apayoniya atawombera asilikali ku Mzuzu, gulu la nkhondo lidawalanda zida ndi kuphwasula misasa yawo pa chimene chidatchedwa Operation Bwezani. Ambiri adathawira ku Mozambique.

Paja amati walira mvula walira matope. Achiswe ndi Apayoniya atachoka, anthu adapuma, koma pamalo pawo padatsala mpata. Makhoti a mafumu amene ankaweruza milandu yakupha popanda maloya adathetsedwa. Nkhondo ya ku Mozambique idali itangotha m'chaka cha 1992, ndipo mfuti zotsala pankhondoyo zidayamba kulowa m'dziko muno mosavuta. Umbava wa mfuti udakula, ng'ombe zidayamba kusowa m'makola, ndipo mlimi wa fodya wochokera ku okushoni ku Kanengo amayenda akucheuka. Apolisi adali ochepa, galimoto zawo zidali zowerengeka, ndipo choipitsitsa n'chakuti anthu sankawakhulupirira. Kwa zaka 30 polisi idali ndodo ya chipani. Munthu woberedwa amaganiza kawiri asanapite kukadandaula, poopa kuti wodandaula ndi amene angatsekeredwe. Ena, osamvetsa malamulo atsopano a belo, akaona wakuba amene adamugwira dzana akuyenda pamsika lero, amangoti apolisi adya ziphuphu. Apa ndi pamene mchitidwe wotentha akuba ndi matayala udayamba kumveka.

Pofuna kutseka mpata umenewu, m'chaka cha 1997 apolisi, mothandizidwa ndi boma la Britain, adayambitsa ndondomeko ya chitetezo cha m'madera. Maganizo ake adali osavuta kumva: wapolisi wochokera kutali sangadziwe njira zonse za m'mudzi, koma mwini mudzi amadziwa mlendo amene wafika dzulo, mnyamata amene wayamba kugula mowa wa ndalama zambiri asanakolole, ndi njira imene ng'ombe zobedwa zimadzera. Adatsata makwerero a ufumu. Kwa nyakwawa kumakhala komiti yoletsa umbanda, kwa gulupu kumakhala komiti yokulirapo, ndipo kwa mfumu yaikulu monga Njewa, Kalolo kapena Kabudula kumakhala bwalo la chitetezo limene limakumana ndi akuluakulu a polisi a m'deralo. M'matauni anthu okhala moyandikana amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi kuti anyamata azilondera usiku. M'mapolisi mudatsegulidwanso maofesi othandiza ozunzidwa, makamaka amayi ndi ana. Lamulo latsopano la apolisi la chaka cha 2010 lidavomereza mabwalo a chitetezowa, ndipo dzina la polisi lidasintha kuchoka pa Malawi Police Force kukhala Malawi Police Service, kutanthauza kuti ntchito yake ndi kutumikira.

Wachitetezo wa m'mudzi si wapolisi. Salandira malipiro, sanyamula mfuti, ndipo alibe mphamvu yoweruza kapena kulanga. Zida zake ndi tochi, wezulo, ndodo, ndipo akachita mwayi jekete lowala ndi njinga. Akagwira woganiziridwa ayenera kumupereka ku polisi ali wamoyo ndi wosavulala. Ntchito yovuta koposa kwa iye ndi kuima pakati pa wakuba ndi khamu la anthu okwiya amene ndi abale ake omwe, pakuti kuthamangitsa mbala aliyense amakutha. Masana iye ndi mlimi kapena wakabaza ngati wina aliyense, ndipo m'mawa mwake amapita kumunda maso ali psuu. Kunena zoona, ndondomekoyi idangobwezeretsa mfuu ya makolo itavala jekete, ndipo n'chifukwa chake anthu a kumudzi adailandira msanga. Pa milandu ya mbuzi, chimanga cha m'munda, ndewu za pamowa ndi nkhanza za m'banja, yathandiza ndithu.

Zofooka zake sizidachedwe kuoneka. Pa njala ya m'chaka cha 2002, anthu ogwidwa akuba chimanga chachiwisi m'minda ya m'chigawo cha pakati amamenyedwa koopsa, ena kudulidwa makutu kapena manja, ena kuphedwa kumene. M'chaka cha 2017, mphekesera za anamapopa zitafala ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu adatseka misewu m'dzina la kulondera midzi yawo ndipo adapha anthu osalakwa. Mudzi wogwidwa ndi mantha susiyanitsa mlendo ndi mdani.

Pa 20 Julayi 2011 anthu adachita zionetsero m'mizinda yonse ikuluikulu podandaula za kusowa kwa mafuta a galimoto, kusowa kwa ndalama zakunja ndi kayendetsedwe ka boma la Bingu wa Mutharika. Dzulo lake anyamata a chipani cholamula adali atazungulira mu mzinda wa Blantyre pa galimoto atanyamula zikwanje poyera, ndipo chiletso cha khoti chimene chidatengedwa mochedwa chidasokoneza dongosolo la tsikulo. Kwa masiku awiri masitolo adathyoledwa ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo anthu 20 adafa, ambiri mwa iwo ndi zipolopolo za apolisi.

Chipolowe chikatha, vuto limene limagwera wachitetezo ndi losiyana ndi la masiku onse. Katundu wofunkhidwa sabisika. Matumba a shuga, matiresi ndi mawailesi amalowa m'nyumba dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse ukuona, ndipo wina amakagulitsidwa motchipa kumidzi ya kunja kwa mzinda. Wachitetezo amadziwa nyumba iliyonse imene mwalowa katunduyo. Akakanena ku polisi, amadziwa kuti anyamata a anansi ake akakumana ndi zibonga, ndipo iye adzatchedwa kazitape wa boma. Akakhala chete, ndiye kuti wapereka mwini golosale amene amamupatsa ndiwo pangongole. Ndondomeko ya 1997 idakonzedwera mbala imodzi yolimbana ndi mudzi wonse. Sidakonzedwere tsiku limene theka la mudzi latenga nawo mbali, ndipo mkangano weniweni uli pakati pa anthu ndi boma.

Woiwalika kawirikawiri pa nkhani zotere ndi wamalonda wamng'ono. Sitolo yaikulu imakhala ndi inshuwalansi, koma mayi wa okala kapena mnyamata wogulitsa kaunjika alibe. Mpamba wake ukapsa kapena kubedwa, amene amamudzutsa ndi achibale, anzake a banki m'khonde, amayi a Chigwirizano kapena a kumphakati. Thandizo lake ndi lomwe lija la pamaliro: wina mbale ya ufa, wina nkhuni, wina kandalama kochepa komangidwa pansalu. Sililembedwa m'nyuzipepala, koma ndi limene limatsegulitsanso misika.

Zimene zidachitika m'chaka cha 2019 zidafika pakhomo penipeni pa anthu a m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji. Pa chisankho cha pa 21 Meyi, bungwe loyendetsa zisankho, lotsogozedwa ndi Jane Ansah, lidalengeza kuti Peter Mutharika wapambana ndi mavoti 38.6 pa 100 aliwonse, motsatidwa ndi Lazarus Chakwera amene adapeza 35.4 ndi Saulos Chilima amene adapeza 20.2. Mapepala ambiri a zotsatira adapezeka atafufutidwa ndi Tipp-Ex. Bungwe la Human Rights Defenders Coalition, lotsogozedwa ndi Timothy Mtambo, lidayambitsa zionetsero zimene zidatenga miyezi yambiri, ndipo kangapo konse zidathera m'kuphwanya ndi kufunkha masitolo ndi maofesi. Dera la kuzambwe kwa Lilongwe ndi kuchimake kwa chipani cha Malawi Congress, ndipo Chakwera mwini adali phungu wa kumpoto chakuzambwe kwa bomali. Anyamata a ku Msundwe amabwera ku zionetserozo atadzaza malole, mpaka anthu adawapatsa dzina loti Msundwe Barracks. Kwa ena adali ngwazi zoteteza voti. Kwa oyenda pamsewuwo, amene amaimitsidwa ndi miyala ndi matayala oyaka, adali chinthu choopsa. Chodabwitsa cha miyezi imeneyo n'chakuti ochita zionetsero amagenda apolisi koma amaombera m'manja asilikali a nkhondo, amene motsogozedwa ndi General Vincent Nundwe amawaperekeza m'misewu. Chikhulupiriro chimene chidamangidwa pang'onopang'ono kwa zaka 22 chidali chitagumuka.

Pa 8 Okutobala 2019 Mutharika amayembekezeka kuchititsa msonkhano mu mzinda wa Lilongwe. Anthu pa Msundwe adatseka msewu kuti otsatira ake ochokera cha ku Mchinji asadutse. Apolisi atabwera kudzatsegula msewuwo padabuka nkhondo ya miyala ndi utsi wokhetsa misozi, ndipo mmodzi mwa akuluakulu awo, Superintendent Usumani Imedi, adagwidwa ndi khamulo n'kuphedwa ndi miyala. Palibe chifukwa cha ndale chimene chingayeretse imfa imeneyi. Adali munthu wotumidwa pa ntchito, ndipo adaphedwa masana anthu akuonerera. Apolisi adamanga anthu oposa 40.

Koma sadalekere pomwepo. Gulu la apolisi lidalowa pa Msundwe, kwa M'bwatalika ndi pa Mpingu. Amuna ambiri adali atathawira kutchire, monga momwe makolo awo ankachitira pothawa msonkho, ndipo m'nyumba ndi m'timasitolo mudatsala amayi ndi ana. Bungwe la Malawi Human Rights Commission, pa kafukufuku amene adatsogolera ndi Martha Chizuma ndi Rosemary Kanyuka, lidapeza m'lipoti lake la mwezi wa Disembala 2019 kuti apolisi adaponya utsi wokhetsa misozi m'nyumba, adathyola zitseko, ndipo adagwiririra ndi kuchitira nkhanza za mtundu umenewo amayi ndi atsikana 17, ena mwa iwo osakwana zaka 18. Nkhuyu zodya ana zimapota akulu, amatero mwambi, koma pano zidapota amayi amene sadagende mwala ngakhale umodzi.

Tsono apa ndi pamene funso la amalonda mudzi ndani lidafika pachimake. Malangizo onse a chitetezo cha m'madera amathera pa mawu amodzi: kanene ku polisi. Mayi wogwiriridwa amauzidwa kuti apite ku ofesi yothandiza ozunzidwa, imene ili m'kati mwa polisi, kuti akapatsidwe kalata yopita nayo kuchipatala. Nanga wochita nkhanzayo akakhala wovala yunifolomu yomweyo? Wachitetezo wa tochi ndi wezulo sakadatha kuimitsa galimoto ya apolisi a mfuti, ndipo nyakwawa idalibe bwalo loti n'kuwazengerapo mlandu. Makwerero onse aja, kuyambira kwa nyakwawa mpaka kwa mfumu yaikulu, amakathera pakhomo limene anthu amaliopa.

Thandizo lidadzera njira ina, ndipo lidayamba ndi amayiwo eni ake. Kumudzi, kumene aliyense amadziwana ndi mnzake, mayi woulula kuti wagwiriridwa amaika pachiswe banja lake ndi ulemu wake, pakuti kudziwana komwe kumateteza mudzi ndi kumenenso kumasandutsa munthu nkhani ya pachitsime. Ngakhale zidali choncho, iwo adalankhula. Bungwe la NGO Gender Coordination Network lidamva madandaulo awo n'kuwatulutsa poyera, amayi a mu mzinda adayenda m'misewu ya Lilongwe kufuna chilungamo, ndipo maloya a bungwe la Women Lawyers Association adatengera nkhaniyi ku bwalo lalikulu la milandu m'malo mwa amayi ndi atsikana 18. Mayina awo adabisidwa. Msewu umene udabweretsa utsi wa mu mzinda ndi womwewo umene udabweretsa owathandiza.

Ndale nazo zidayenda ulendo wake. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu adathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti, ndipo pa chisankho chachibwereza cha pa 23 Juni Chakwera adapambana. Pa 13 Ogasiti 2020 woweruza Kenyatta Nyirenda adagamula mokomera amayi a ku Msundwe, nadzudzula akuluakulu a polisi chifukwa cholephera kufufuza ndi kumanga olakwa, ndipo adalamula kuti amayiwo apatsidwe chipepeso. M'chaka cha 2021 khoti lidawerengera chipepesocho, ndipo chonse pamodzi chidaposa K100 miliyoni. Ndalamazo zidachokera ku thumba la boma, kutanthauza misonkho ya anthu, kuphatikizapo ya alimi a ku Msundwe omwewo. Pa nthawi imeneyo padalibe wapolisi ndi mmodzi yemwe amene adali atamangidwa pa mlanduwu, ndipo lipoti la kafukufuku wa apolisi eni ake, limene lidatulukira poyera pambuyo pake, lidakana kuti nkhanzazo zidachitika. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Aphungu amene adalemba lamulo la apolisi la 2010 adaliona vuto limeneli pasadakhale. M'lamulo lomwelo limene lidavomereza mabwalo a chitetezo cha m'madera adaikamo ofesi yoima payokha, ya Independent Complaints Commission, yoti izilandira madandaulo a anthu okhudza apolisi ndi kufufuza imfa kapena kuvulala kochitika m'manja mwawo. Ofesiyi idakhala ya papepala kwa zaka khumi. Padalibe pa 20 Julayi 2011, padalibenso pa 8 Okutobala 2019. Mkulu wake woyamba, Christopher Tukula, adasankhidwa m'chaka cha 2020, ndipo umodzi mwa milandu imene idagwera ofesiyo kuti iufufuzenso udali wa ku Msundwe, kwa M'bwatalika ndi ku Mpingu.